Marekodi a Liwiro la Maboti a Injini: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu amabwerezabwereza akamva kuti kuli munthu amene anayendetsapo boti pa liwiro loposa makilomita 500 pa ola. Tayambira pa osavuta, kenako talowa m'kati mwa malamulo. Liwiro tikulitchula m'makilomita pa ola, ngakhale kuti marekodi ambiri akale analembedwa m'mamailosi.

1. Kodi rekodi ya liwiro pamadzi n'chiyani? Si chimodzimodzi ndi kupambana mpikisano?

Ayi. Pa mpikisano maboti amanyamuka pamodzi, amazungulira zizindikiro zoyandama kangapo, ndipo amene wayamba kumaliza ndiye mwini chikho, kaya tsikulo onse amayenda mwachizolowezi. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo mpikisano umatero. Pa rekodi palibe woyambira naye. Boti limakhala lokhalokha pamadzi, likulimbana ndi wotchi komanso nambala imene wina analembetsa m'buku, mwina zaka 40 zapitazo.

Gwiritsitsani mfundo iyi, chifukwa mayankho ambiri m'munsimu atsamira pa iyo: rekodi si liwiro lalikulu limene boti lakhudzapo kwa kamphindi. Ndi avereji ya maulendo awiri, wopita ndi wobwerera, pa mtunda woyezedwa bwino, pamaso pa anthu oikidwa kuti achitire umboni. Chikasowapo chimodzi, kuthamanga mwathamanga ndithu, koma m'buku simulowa.

2. Ndani amavomereza kuti rekodi yachitikadi?

Bungwe la Union Internationale Motonautique, limene mwachidule amangoti UIM. Linakhazikitsidwa mu 1922 ndipo likulu lake lili ku Monaco. Ndilo limayang'anira masewera a maboti a injini padziko lonse, monga m'mene FIFA ichitira ndi mpira.

Woyendetsa boti salembera kalata ku Monaco payekha. Amadzera ku bungwe la m'dziko lake limene ndi membala wa UIM. Ku America bungweli ndi American Power Boat Association, kapena APBA, limene linayamba mu 1903, UIM isanabadwe n'komwe. Bungwe la m'dziko ndilo limapereka chilolezo cha tsikulo, limatumiza oyang'anira, ndipo limatha kuvomereza palokha rekodi ya dziko limenelo. Koma kuti rekodi itchedwe ya dziko lonse lapansi, mawu omaliza ndi a UIM.

Maboti oyendera mphepo sali pansi pa UIM. Awo ali ndi bungwe lawo, World Sailing Speed Record Council, ndipo rekodi yawo yapamwamba inachitikira kuno ku Africa: Paul Larsen anathamanga makilomita 121 pa ola ku Walvis Bay ku Namibia mu Novembala 2012, popanda injini.

3. Nanga rekodi yapamwamba kuposa zonse ndi ya ndani?

Ndi ya Ken Warby wa ku Australia. Pa 8 Okutobala 1978, pa damu la Blowering m'chigawo cha New South Wales, iye anayendetsa boti lake la Spirit of Australia pa avereji ya makilomita 511.11 pa ola. Mpaka lero palibe amene waiphwanya.

Kuti muone kukula kwake, pa liwiro limeneli kilomita imodzi imatha m'masekondi 7. Kukanakhala kotheka kuligwira osatsika, mtunda wa pamsewu wochokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ukanatha mphindi zosakwana 40. Koma boti lotere limangogwira liwirolo kwa masekondi owerengeka, kenako woyendetsa amayamba nkhondo ina yoliimitsa madzi asanathe kutsogolo.

Chimene chimadabwitsa anthu si nambala yokha ayi, koma m'mene botilo linapangidwira. Warby analikhoma yekha ndi matabwa kuseri kwa nyumba yake ku Sydney. Injini yake inali ya ndege yankhondo, ya mtundu wa Westinghouse J34, imene anaigula motchipa pamene asilikali a m'mlengalenga a dziko lake ankagulitsa katundu wakale. Pambuyo pake ophunzira umakaniko a gulu lomwelo la asilikali anamuthandiza kukonza injini, ndipo pulofesa Tom Fink, amene anagwirapo ntchito pa boti la Donald Campbell, katswiri wa marekodi wa ku Britain, anamulangiza za kayendedwe ka mpweya. Warby anayamba watenga rekodi pa 20 Novembala 1977 ndi makilomita 464 pa ola, n'kubweranso chaka chotsatira kudzaphwanya yake yomwe. Anamwalira mu Febuluwale 2023 rekodi ikadali m'manja mwake. Boti lake lili m'nyumba yosungiramo zakale ya Australian National Maritime Museum ku Sydney.

4. Kodi liwiro amaliyeza bwanji?

Sayeza liwiro mwachindunji. Amayeza mtunda, amayeza nthawi, liwiro n'kutuluka pa masamu.

Poyamba katswiri woyeza malo amayeza mtunda, kawirikawiri kilomita imodzi kapena mailosi imodzi, ndipo amapereka satifiketi yake. Mizere yoyambira ndi yothera imadalira zizindikiro zokhazikika kumtunda. Zoyandama pamadzi zimangothandiza woyendetsa kuona njira, chifukwa chinthu choyandama chimasuntha ndi mphepo, ndipo mamita ochepa okha akhoza kusintha nambala. Pa mzere uliwonse pamakhala owerenga nthawi ovomerezeka ndi zida zawo, zimene zimagawa sekondi m'tizigawo ting'onoting'ono. Kumbukirani masekondi 7 a Warby aja: pa liwiro lotero, kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi kukhoza kuwonjezera kapena kuchotsa makilomita 7 pa ola.

Boti silinyamukira pa mzere. Limayambira kutali, n'kumasonkhanitsa liwiro, kuti likamadutsa mzere woyamba likhale lili pachimake. Likadutsa mzere wachiwiri limafuna mtunda winanso wautali kuti liime. Ndiye chifukwa chake kilomita imodzi yoyezedwa imafuna makilomita angapo a madzi oongoka, monga tafotokozera pa funso 10.

5. N'chifukwa chiyani amakakamiza kupita ndi kubwerera? Ulendo umodzi sukwanira?

Aliyense amene anapalasapo bwato pamtsinje yankho akulidziwa. Kutsika ndi madzi n'kosavuta, kukwera n'kolimba. Mphepo nayo imakankha kapena kubweza. Akanamalola ulendo umodzi, anthu akanamangodikira tsiku la mphepo yochokera kumbuyo. Mukapita ndi kubwerera, chimene mphepo yakupatsani popita imakulandani pobwerera. Boti likachita 200 popita ndi 190 pobwerera, m'buku mumalowa pafupifupi 195.

Lamuloli lilibe chisoni. Pa 29 Seputembala 1952, John Cobb wa ku Britain, amene pa nthawiyo anali mwini rekodi ya liwiro la galimoto, anayendetsa boti la jeti (injini yokankha ndi mpweya ngati ya ndege) lotchedwa Crusader pa nyanja ya Loch Ness ku Scotland. Anadutsa mailosi yoyezedwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 333 pa ola, pamene rekodi ya nthawiyo, ya Stanley Sayres wa ku America, inali 287. Chakumapeto kwa mtundawo boti linagunda timafunde, mphuno yake inalowa m'madzi, n'kuphwasuka. Cobb anafa. Anali munthu wothamanga kwambiri pamadzi kuposa wina aliyense amene analipo kale, ndipo owerenga nthawi anaziona ndi maso, koma rekodi sanapatsidwe. Ulendo wobwerera panalibe.

6. Kodi munthu angapume nthawi yaitali bwanji asanabwerere?

Nthawi ili ndi malire, chifukwa mukadikira maola ambiri mphepo imatembenuka, cholinga cha lamulo la pa funso 5 n'kutayika. Kwa maboti a jeti ofuna rekodi yaikulu, maulendo onse awiri amayenera kuchitika m'kati mwa ola limodzi. Kwa maboti a m'magulu ena nthawiyo ndi yaifupi kuposa pamenepo.

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la masewerawa, ndipo n'zimene anthu oonera sazindikira. Boti likadutsa, limasiya mafunde m'mbuyo. Mafundewo amapita kugombe, amagunda, n'kubwerera pakati. Woyendetsa ali ndi njira ziwiri: atembenuke msangamsanga mafunde asanabwerere m'njira yake, kapena adikire mpaka madzi atagonanso. Nthawi yoipitsitsa ndi ya pakati pa ziwirizi.

Nkhani ya Donald Campbell imakambidwa kwambiri pa mfundo imeneyi. Pofika 1967 iye anali ataphwanya rekodi ya pamadzi kasanu ndi kawiri ndi boti limodzi, Bluebird K7, ndipo ankafuna kupyola mamailosi 300 pa ola, amene ndi makilomita 483. M'mawa wa pa 4 Januwale 1967, pa nyanja ya Coniston kumpoto kwa England, ulendo wake woyamba unapereka avereji ya makilomita 479 pa ola. Kumapeto kunali boti lomudikira ndi mafuta, koma iye sanaime. Anatembenuka n'kubwerera pompo. Ali pafupi kumaliza kilomita, akuthamanga kuposa m'mene anapitira, mphuno ya Bluebird inadzuka, boti linauluka, linatembenuzika m'mwamba n'kumenyetseka pamadzi. Anthu akhala akukangana kwa zaka zambiri pa chimene chinayambitsa ngoziyo: ena amaloza mafunde a ulendo woyamba, ena kupepuka kwa boti chifukwa mafuta anali atachepa, ena kuzima kwa injini. Boti linavuulidwa mu 2001, ndipo thupi la Campbell linapezeka chaka chomwecho, patatha zaka 34. Bluebird K7 inakonzedwanso ndipo kuyambira 2024 ili ku Ruskin Museum m'mudzi wa Coniston.

7. Ndinaona vidiyo ya boti limene GPS yake inkaonetsa liwiro loposa rekodi ya gulu lake. Bwanji silinalembedwe?

Chifukwa GPS ya m'boti imakuuzani liwiro la kamphindi kamodzi, mbali imodzi, popanda mboni. Ndi chida chabwino kwa amakaniko, koma si umboni wa rekodi ya kilomita.

Ngakhale zochitika zazikulu zodziwika bwino zimagwa m'gulu lomweli. Chaka chilichonse mu Ogasiti ku Missouri ku America kumachitika Lake of the Ozarks Shootout. Maboti amathamanga limodzilimodzi mbali imodzi yokha, ndipo chida cha radar chimagwira liwiro lawo kumapeto. Mu 2014 boti la Spirit of Qatar linafika makilomita 393 pa ola kumeneko. Nambalayi ndi yaikulu kuposa rekodi yovomerezeka ya maboti a pulopela imene taitchula pa funso 8, koma ndi rekodi ya Shootout basi.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha maboti a magetsi. Mu Ogasiti 2023 boti la kampani ya Vision Marine linagwidwa ndi radar likuchita makilomita pafupifupi 187 pa ola ku Ozarks komweko. Patangotha miyezi iwiri, ophunzira a pa yunivesite ya Princeton anatengera boti lawo la Big Bird ku Lake Townsend ku North Carolina, John Peeters n'kuliyendetsa kupita ndi kubwerera pa kilomita yoyezedwa pamaso pa a APBA. Avereji inali 184. Nambala yaing'onoyi ndi imene inatengedwa ngati rekodi yophwanya ya boti la Jaguar Vector, limene linachita 142.6 ku Coniston mu 2018. Si kukondera. Kugunda 187 kwa sekondi imodzi n'kosavuta poyerekeza ndi kusunga 184 pa makilomita awiri athunthu.

8. Kodi rekodi ndi imodzi yokha, kapena alipo ambiri?

Alipo mazanamazana. Ya Warby ndi ya gulu lopanda malire, m'mene injini iliyonse ndi yololedwa. Pansi pake maboti amagawidwa potengera kukula kwa injini, kaya ili m'kati mwa boti kapena ndi yopachika kumbuyo ngati za asodzi athu, mtundu wa mafuta, kapangidwe ka thupi la boti, ndi zina. Alipo magulu a ana, a njinga zamoto za pamadzi, a dizilo, a magetsi. Munthu akhoza kukhala mwini rekodi ya dziko lonse pa liwiro limene minibasi imadutsa nalo pamsewu wa M1, malinga ngati m'gulu lakelo palibe amene anachitapo kuposa apo.

Kugawa kumene kumautsa mkangano ndi kwa jeti ndi pulopela. Kuyambira 1955, pamene Campbell anachita makilomita 325.6 pa ola pa nyanja ya Ullswater, rekodi yaikulu yakhala ya maboti a jeti, amene amakankhidwa ndi mpweya wotuluka kumbuyo, osati ndi chinthu chopalasa madzi. Okonda pulopela amati imeneyo ndi ndege yongokhudza madzi, osati boti. Mtsutso wawo uli ndi mutu ndithu, ndipo rekodi ya pulopela imasungidwa payokha. Roy Duby ndiye anayamba kupyola mamailosi 200 pa ola ndi pulopela mu 1962, pa boti la Miss U.S. I ku Guntersville ku Alabama. Mu Malichi 2004 Dave Villwock anachita makilomita 354.8 pa ola ndi Miss Budweiser pafupi ndi Oroville ku California.

9. Zimatheka bwanji kuti boti lithamange chotere?

Pothawa madzi. Madzi ndi olemera kuwirikiza pafupifupi 800 kuposa mpweya, choncho boti limene thupi lake lamira limawononga mphamvu yambiri pokankha madzi. Maboti a rekodi amapangidwa kuti akatenga liwiro adzuke n'kumatsetsereka pamwamba, ngati kamwala kaphanthiphanthi kamene ana amaponya kuti kazidumphadumpha pamadzi. Ambiri amakhudza madzi pa malo atatu okha: mapazi awiri m'mbali chakutsogolo ndi kachigawo kamodzi kumbuyo. Pa liwiro lalikulu, malo onse okhudza madziwo akhoza kukwana pa thireyi ya tiyi.

Kale nzeru inali yongowonjezera mphamvu. Gar Wood wa ku America anaika injini zinayi za ndege za Packard m'boti limodzi, Miss America X, n'kuchita makilomita 201 pa ola pa mtsinje wa St. Clair mu 1932. Kusintha kwenikweni kunadza ndi kapangidwe ka malo atatu kaja. Malcolm Campbell, bambo ake a Donald, anachita nako 228 mu 1939. Kenako mu 1950 boti la Slo-Mo-Shun IV la Stanley Sayres, limene analijambula Ted Jones, linafika 258 pa Lake Washington ku Seattle. Kumbuyo kwa boti limeneli kunkadzuka mpaka theka lokha la pulopela ndilo linkatsala m'madzi.

Mtengo wa nzeru imeneyi ndi woti boti limakhala pa malire a zinthu ziwiri zoopsa. Mpweya wolowa pansi ukachuluka pang'ono, mphuno imadzuka ndipo boti limasanduka phiko, monga zinachitikira Campbell. Mphuno ikatsika pang'ono, imakumba madzi, monga zinachitikira Cobb. Galimoto ya rekodi imayenda pa nthaka imene anthu aisesa ndi kuiyendera kale. Madzi simungawasese, ndipo amasintha pakati pa ulendo wopita ndi wobwerera.

10. N'chifukwa chiyani marekodi ambiri amachitikira m'madamu ndi m'nyanja zing'onozing'ono?

Pamafunika madzi ataliatali, oongoka, otetezeka ku mphepo, opanda maboti ena, opanda zitsa zoyandama. Nyanja yopapatiza ya pakati pa mapiri imakwaniritsa zambiri mwa izi, makamaka m'mamawa mphepo isanadzuke. Coniston ndi yotalika makilomita opitirira pang'ono 8. Blowering ndi damu lalitali m'chigwa cha mtsinje wa Tumut.

Ntchito yaikulu ya gulu lofuna rekodi ndi kudikira, ndipo pano mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito kwenikweni. Mu 1964 Donald Campbell anali atatenga kale rekodi ya galimoto ku Lake Eyre, nyanja youma ya mchere ku Australia, mu Julayi, ndipo ankafuna ya pamadzi chaka chomwecho. Anayesa ku Lake Bonney, madzi anakana. Anasamukira ku Lake Dumbleyung kumadzulo kwa Australia, kumene anasautsidwa ndi mphepo komanso abakha odzaza pamadzi. Mphepo inaleka masana a pa 31 Disembala, kutatsala maola ochepa kuti chaka chithe, ndipo anachita makilomita 444.7 pa ola. Mpaka pano ndi munthu yekhayo amene anatenga marekodi onse awiri, a pamtunda ndi pamadzi, m'chaka chimodzi.

Kwa anthu wamba amene alibe ndalama zolipirira okha oyeza ndi opulumutsa, pali masabata apadera a marekodi. Ku Britain sabata lotere linkachitikira pa nyanja ya Windermere, koma lamulo loletsa kuthamanga pa nyanjayo litayamba kugwira ntchito mu 2005, linasamukira ku Coniston, kumene limachitika chakumayambiriro kwa Novembala. Mtunda umakhala woyezedwa kale, owerenga nthawi ali pamalo, ndipo maboti a magulu osiyanasiyana amadikira pamzere, lililonse n'kulowa lokha nthawi yake ikakwana.

11. Kodi n'zoona kuti ambiri ofuna rekodi yaikulu anafera pomwepo?

N'zoona kuti mndandanda wake ndi wowawa. Kupatula Cobb ndi Campbell amene tawatchula pa mafunso 5 ndi 6, pali Henry Segrave. Pa 13 Juni 1930, pa Windermere, iye anamaliza maulendo awiri ndi Miss England II pa avereji ya makilomita 158.9 pa ola, imene inali rekodi yatsopano. Anapitanso kachitatu kuti awonjezere, boti linagubuduka, ndipo makaniko wake Victor Halliwell anafa. Segrave anavuulidwa ali moyo, anauzidwa kuti rekodi ndi yake, n'kumwalira tsiku lomwelo. Mario Verga wa ku Italy anafera pa nyanja ya Iseo mu 1954.

Anthu awiri amene anayesetsa kwambiri kulanda rekodi ya Warby onse anafa. Lee Taylor, amene anali mwini rekodi kuyambira 1967 mpaka 1977 ndi makilomita 459 pa ola, anabwera ndi boti la roketi lotchedwa Discovery II ndipo anafera pa Lake Tahoe mu Novembala 1980. Craig Arfons anafera pa Lake Jackson ku Florida mu Julayi 1989.

Musatenge nkhani zimenezi n'kuganiza kuti aliyense wopita ku Coniston ndi kaboti kake akukadzipha. Izi zikukhudza gulu lopanda malire. M'magulu ena zinthu zinasintha kwambiri kuyambira m'ma 1980, pamene anayamba kupanga chipinda cholimba cha woyendetsa, chimene chimatsala chathunthu ngakhale boti lonse litasweka. Masiku ano m'maboti othamanga kwambiri woyendetsa amamangidwa malamba, amakhala ndi mpweya wopumira akamira, ndipo amayamba waphunzira kutuluka m'chipindacho chili chozondoka m'madzi. Pa tsiku la rekodi pamakhala maboti opulumutsa, akatswiri osambira pansi pa madzi ndi achipatala.

12. Boti likamaliza maulendo awiri aja, ndiye kuti rekodi yatheka?

Sinatheke. Nambala imene amalengeza pagombe ndi yongoyembekezera. Boti limapita m'manja mwa oyeza, ndipo eni ake saloledwa kulisintha kanthu. Oyezawo amaona ngati likugwirizana ndi gulu limene analilembetsa: kukula kwa injini, kulemera kwa boti, kutalika kwake, ndi mafuta. M'magulu amene injini ili ndi malire, akhoza kuimasula kuti ayeze m'kati. Ikapezeka yaikulu kuposa yololedwa, chikondwerero chonse chija chimathera pomwepo.

Kenako pamabwera mapepala. Satifiketi ya mtunda, mapepala osainidwa ndi owerenga nthawi, lipoti la oyeza boti, lipoti la woyang'anira wamkulu ndi zithunzi za boti zimasonkhanitsidwa ndi bungwe la m'dziko, n'kutumizidwa ku UIM pamodzi ndi ndalama yolembetsera. UIM ikakhutira imalemba rekodiyo ndi kupereka satifiketi. Malamulo amafunanso kuti liwiro latsopano lipose lakale ndi kagawo kooneka, kuti rekodi isamasinthe manja chifukwa cha kusiyana kochepetsetsa kumene kungachokere ku zida zoyezera.

13. Nanga buku la Guinness limalowa pati?

Limalemba marekodi otchuka monga ya Warby, koma pa masewera amene ali ndi bungwe lawo limatsamira pa zimene bungwelo lavomereza. Kwa anthu a maboti, satifiketi yolemera ndi ya UIM.

14. Kodi pali marekodi a mitunda italiitali, osati kilomita imodzi yokha?

Alipo. Ena amawerenga mtunda umene boti layenda m'maola oikika, ena nthawi imene latenga kuchoka pa doko lina kukafika pa lina, kapena kuzungulira chilumba. Pa marekodi amenewa lamulo la kupita ndi kubwerera siligwira ntchito. Chofunika ndi mboni ponyamuka ndi pofika, ndiponso umboni woti boti linatsata njira yonse.

Yaikulu mwa onsewa ndi yozungulira dziko lapansi. Mu 1998 boti la Cable & Wireless Adventurer linatenga masiku 74. Mu 2008 Pete Bethune wa ku New Zealand, ndi boti la Earthrace loyendera dizilo wopangidwa kuchokera ku zomera ndi mafuta a nyama, ananyamuka ku Sagunto ku Spain n'kubwerera komweko patatha masiku 60, maola 23 ndi mphindi 49, atadzera ngalande za Panama ndi Suez. Wotchi siima boti likaima pa doko, choncho kuchedwa kwa mafuta kapena kukonza pulopela yowonongeka kumawerengedwa ngati gawo la ulendo.

Kuwoloka nyanja ya Atlantic kuli ndi mkangano wakewake. Richard Branson anawoloka mofulumira kuposa sitima zonse zakale mu 1986 ndi Virgin Atlantic Challenger II, koma osunga chikho cha Hales Trophy anamukaniza, ponena kuti chikhocho ndi cha sitima zonyamula anthu pa malonda, komanso kuti iye anathira mafuta panjira. Apanso nkhani ndi yomwe ija: funsani kaye kuti buku ndi la ndani ndipo malamulo ake akuti chiyani.

15. Kodi zoterezi zingachitike pa nyanja ya Malawi?

Kutalika kwa madzi kulipo kokwanira ndi kutsala. Vuto ndi ukulu womwewo. Nyanja yotambalala imapatsa mphepo mpata wokuza mafunde, ndipo aliyense amene anaiona nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, akudziwa kuti imakhala ngati nyanja yamchere. Ngakhale tsiku lodekha pamakhala kafunde kotalika koyenda pang'onopang'ono, kamene bwato la msodzi silikamva, koma kwa boti loima pa malo atatu ndi msampha. Onjezanipo maukonde, mabwato ndi maboti a anthu oyenda. Kwa boti la jeti si malo ake. Nyanja yotere ingayenerane ndi marekodi a pa funso 14, a doko ndi doko, ndipo ngakhale amenewo angafunike bungwe lovomerezeka ndi UIM kuti liyang'anire.

16. N'chifukwa chiyani rekodi ya 1978 ikadalipo pamene zipangizo zapita patsogolo chotere?

Mphamvu si vuto. Injini za jeti zoposa ya Warby zilipo zambirimbiri. Chovuta ndi chimene tafotokoza pa funso 9: kusunga boti pakati pa kuuluka ndi kumira, pa madzi amene sakhala chimodzimodzi kawiri. Kompyuta imawerengera bwino mpweya paokha ndi madzi paokha, koma pamalire pamene ziwirizi zikumana, pali thovu ndi timafunde tosayembekezeka, pamafunikabe munthu woti alowe m'boti n'kumakweza liwiro pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo, kwa zaka. Imfa za Taylor ndi Arfons zinachititsanso makampani kuopa kuika dzina lawo pa boti lotere, ndipo popanda ndalama zawo ntchito imayenda mwa apo ndi apo. Malo nawo akuchepa, chifukwa nyanja zambiri tsopano zili ndi malamulo oletsa liwiro ndi phokoso.

Ofuna alipobe. Ku Britain kuli magulu awiri odziwika, la boti la Quicksilver lotsogoleredwa ndi Nigel Macknight ndi la Longbow lotsogoleredwa ndi David Aldred. Amene wafika patali ndi Dave Warby, mwana wa Ken. Iye ndi bambo ake anapangira limodzi boti la Spirit of Australia II, la injini ya Orpheus, mtundu womwewo umene unali mu Bluebird K7 pa ulendo wake womaliza. Dave wakhala akuliyesa kwa zaka zingapo pa damu lomwe lija la Blowering, akukweza liwiro pang'onopang'ono, ndipo boti likayamba kuvina kapena mphepo ikadzuka amabwerera kugombe kukadikira tsiku lina.